Momwe mungapemphere khonsolo kusintha lamulo kuti muziweta nkhuku kuseri kwa nyumba m'tauni

Ndinali ndi mathadzi asanu ndi tambala mmodzi kuseri kwa nyumba ya lendi, m'khola la matabwa ndi waya lomwe ndinakhoma ndekha m'mbali mwa mpanda. Tsiku lina madzulo pochokera ku ntchito ndinapeza amayi a nyumba yoyandikana nafe akundidikira pageti. Sanakalipe ayi. Anangoti, "Aneba, bambo kunyumbaku akudwala, tulo amatipeza m'bandakucha, ndipo nthawi yake ndi yomweyo imene tambala wanu amayamba. Tapirira miyezi itatu." Ndinapepesa, koma ndinazengereza kuchitapo kanthu. Patatha sabata imodzi eninyumba ananditumizira kalata yoti ndichotse nkhuku zonse, ati malamulo a khonsolo salola ziweto m'dera la nyumba zogona. Zonse zisanu ndi imodzi ndinakazigulitsa pamsika Loweruka lomwelo, ndipo ana anga amene anazolowera dzira pa phala anakhala miyezi osaliona.

Chimene chinandipweteka kwambiri pambuyo pake n'chakuti amayi aja sanadandaule za mathadzi. Vuto linali tambala yekha. Ndipo nditayamba kufunsa kuti lamulo lotchulidwalo likunena chiyani kwenikweni, palibe ndi mmodzi yemwe m'dera lathu amene anali ataliwerengapo. Nkhani ino ndikulembera inu amene mwauzidwa kuti malamulo salola, koma mukuona kuti banja la m'tauni loweta nkhuku zochepa mwaukhondo silikulakwira munthu. Lamulo la khonsolo limasinthika. Chofunika n'kupita ndi lamulo latsopano lolembedwa kale m'manja, lokhala ndi malire amene aneba anu omwe avomereza.

Choyamba, pezani pepala limene likukuletsani

Safunsa anadya phula. Musanasonkhanitse anthu kapena kulembera khansala, dziwani kuti chiletsocho chalembedwa pati, chifukwa mapepala amene angakuletseni ndi angapo ndipo lililonse lili ndi khomo lakelake.

Ngati muli pa lendi, yambani ndi pangano lanu ndi eninyumba. Ngati mawu oletsa ziweto ali mmenemo, khonsolo ilibe nazo ntchito, nkhani mukambirana ndi eninyumbawo. Ngati nyumba ndi yanu, tulutsani mapepala a puloti. Malo ambiri m'mizinda ali pa lizi yochokera ku khonsolo, ku Malawi Housing Corporation kapena ku Unduna wa za Malo, ndipo lizi imakhala ndi mfundo zonena za momwe malowo ayenera kugwiritsidwira ntchito. Kenako pali malamulo amene khonsolo imadzipangira yokha, omwe ku ofesi amawatchula kuti ma by-law. Mphamvu yopanga malamulo amenewa makhonsolo anaipatsidwa ndi Local Government Act ya 1998, ndipo n'chifukwa chake za ku Blantyre sizingafanane ndendende ndi za ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Pamwamba pa zimenezi pali Physical Planning Act ya 2016, yokhudza kagawidwe ka malo, kuti kuno n'kwa nyumba zogona, uko n'kwa mafakitale, uko n'kwa malonda. Palinso Public Health Act, lamulo lakale la zaumoyo limene limapatsa azaumoyo mphamvu yolowererapo ngati pakhomo pa munthu pakutuluka fungo, uve kapena china chilichonse chosautsa anzake.

Pitani ku ofesi ya khonsolo ndi kalata yaifupi yopempha kope la malamulo okhudza kuweta ziweto m'dera la nyumba zogona. Mukhale ndi makope awiri a kalatayo, limodzi akudindireni chidindo cha tsikulo mubwerere nalo. Kupempha pakamwa kumathera pa "mubwerenso mawa". Ngati pakhala kuzengereza, tchulani m'kalata yachiwiri kuti mukupempha motsatira Access to Information Act, lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2020 ndipo limapatsa nzika ufulu wopeza uthenga umene maofesi a boma akusunga.

Malamulowa amalembedwa m'Chingerezi cha maloya, choncho khalani pansi ndi munthu wochidziwa bwino, muwerenge mzere ndi mzere pamene pali mawu akuti poultry, livestock, animal, permit ndi nuisance. Mungapeze chimodzi mwa zinthu zitatu. Mwina kuweta nkhuku sikoletsedwa konse, kungofunika chiphaso chimene anthu sadziwa kuti chilipo. Mwina nkhuku anaziika m'gulu limodzi ndi ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba, ndiye kuti ntchito yanu yachepa, mukungopempha kuti chiganizo chimodzi chikonzedwe, nkhuku zochepa za pakhomo zisiyanitsidwe ndi ziweto zikuluzikulu. Kapena mwina zaletsedwadi momveka bwino, ndipo apo pafunika ndime yatsopano yathunthu.

Chachiwiri, yambani ndi aneba

Apa ndi pamene nkhani imathekera kapena kupsererera. Khansala amawerenga anthu. Mukapita nokha ndinu munthu mmodzi wokonda nkhuku, ndipo akangomva kuti aneba anu akudandaula, pempho lanu lathera pomwepo.

Yendani khomo ndi khomo, madzulo kapena Lamlungu anthu ataweruka ku mapemphero, ndipo musayambe ndi pepala losainira. Yambani ndi funso: "Amayi, kodi wina ataweta nkhuku zisanu pafupi ndi mpanda wanu, chingakuvuteni n'chiyani?" Mvetserani mpaka amalize, ndipo lembani zimene anena. Mudzamva zinthu zomwezomwezo: fungo, ntchentche, makoswe, phokoso, ndi nkhuku zolowa m'dimba la eni ake n'kupalasa mbewu za mpiru kapena kusiya zitosi pakhonde. Madandaulo onsewa ndi oona. Ine ndemwe ndinaonapo khola la munthu wina kuseri kwa mzere wa nyumba za lendi, zitosi zitaunjikana mpaka kunyowa, madzi otsukira akuyenderera kulowa m'ngalande imene ana amasewerapo. Amene anakhalapo pafupi ndi khola lotere sangakumvereni mukangonena kuti nkhuku n'zabwino. Muyenera kumuonetsa kuti lamulo limene mukufuna lidzaletsa khola ngati limenelo.

Yankho la dandaulo lililonse lilipo, ndipo ndi la ntchito ya manja. Fungo limabwera zitosi zikanyowa, choncho khola likhale ndi denga losadontha, pansi pake pothira utuchi kapena mankhusu a mpunga ouma. Ntchentche nyengo yotentha imatenga masiku 7 mpaka 10 kuchoka pa dzira kufika pouluka, ndiye amene amasesa m'khola kawiri pa sabata n'kukwirira zitosi pa dzenje la manyowa saipatsa mpata woswana. Khoswe satsata nkhuku, amatsata madeya ndi chakudya chotayika, ndipo thumba la chakudya likakhala m'mgolo wotseka, chodyera n'kumachotsedwa usiku, alibe chomuitana. Nkhuku zolowa kwa eni ake zimathetsedwa ndi mfundo imodzi yokha, yakuti m'tauni nkhuku sizitayiriridwa, zimakhala m'khola ndi m'bwalo lake lotchinga.

Za tambala ndikuuzani mosabisa: mulekeni. Ndikudziwa kuti kwa ife amene tinakulira kumudzi khola lopanda tambala limaoneka ngati losakwanira, koma thadzi limaikira mazira popanda tambala. Tambala amafunika pokhapokha ngati mukufuna kuti mazirawo aswe anapiye, ndipo misoti mutha kugula kwa oweta ena kapena kubwera nayo kuchokera kumudzi. Mukangonena pakhomo pa munthu kuti atambala sadzaloledwa, mudzaona nkhope ikumasuka. Ndikanachotsa tambala wanga tsiku limene amayi aja anandiyankhula, mathadzi anga akanakhala alipo.

Mukamaliza ulendo woyambawu, bwererani ndi pepala. Aliyense alembe dzina, nambala ya puloti kapena ya nyumba, asaine. Musasankhe okhawo ofuna kuweta. Siginecha ya munthu amene alibe nkhuku ndipo sakufuna kuweta, koma akuti sizimuvuta, imalemera kuposa khumi za oweta. Mudziwitsenso mfumu ya m'dera kapena block leader musanayambe kuyenda, chifukwa akamvera kwa ena adzaona ngati mwamudumpha. Magulu a banki m'khonde, amayi a mvano ndi a dawa, ndiponso makomiti a chitukuko a m'dera ndi malo abwino okambirako nkhaniyi popanda kuitanitsa msonkhano wapadera.

Chachitatu, lembani nokha lamulo limene mukufuna

Ogwira ntchito ku khonsolo ali ndi zinyalala, misewu, misika ndi ngalande pamutu pawo. Mukawapatsa dandaulo lokha, lidzagona m'faelo. Apatseni tsamba limodzi kapena awiri okhala ndi mfundo zoti akhoza kungozikonza pang'ono n'kuzipititsa ku komiti.

Nkhondo imeneyi anthu a m'mizinda ina anaimenyapo, ndipo zimene anagwirizana zingakuthandizeni poyambira. Mzinda wa Madison ku Wisconsin, m'dziko la America, unasintha lamulo lake mu 2004 anthu amene ankaweta mobisa atabwera poyera n'kupempha. Panthawiyo analola mathadzi osapitirira 4 pakhomo, opanda tambala, khola litatalikira mafiti 25, omwe ndi pafupifupi mamita 7.6, kuchokera pa nyumba ya neba, ndi chiphaso cha madola 10 pa chaka. Vancouver ku Canada inatsatira mu 2010, nayonso mathadzi 4 opanda tambala, woweta alembetse ku khonsolo, ndipo anaika muyeso wa malo: thadzi lililonse likhale ndi masikweya mita 0.37 m'khola logona ndi 0.92 pabwalo lofolera. Kunena mwachidule, malo ogona a masentimita 60 mbali zonse ndi bwalo la pafupifupi mita imodzi mbali zonse pa nkhuku iliyonse. Mathadzi anayi amakwana pa malo a mamita awiri mulifupi ndi atatu mulitali, n'kutsalako.

Muyeso wa malowu tengani, ndi wabwino ndipo woyendera makola angauyeze ndi tepi. Koma musakopere zonse. Mtunda wa mamita 7.6 ukhoza kutheka ku Area 10, ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe kumene mapuloti ndi aakulu, koma ku Ndirande, Kawale, Chilinde, Zingwangwa kapena Chibavi ungatsekere kunja anthu amene dziralo akulifunitsitsa. Lamulo lotere lingakhale la olemera okhaokha. Ine ndingapemphe kuti mtunda uyezedwe kuchokera pa chitseko, pa zenera ndi pa khitchini ya neba, ukhale waufupi woti puloti yaing'ono ikwanitse, ndipo khola lisayandikire chitsime kapena mpopi. Mizinda iwiri ija inaletsanso kupha nkhuku pakhomo. Kwathu kuno mlendo wolemekezeka akafika, apongozi kapena amalume, timamuphera nkhuku, ndipo lamulo loletsa zimenezo palibe angalitsate. Lembani kuti kupha nkhuku yodya pakhomo n'kololedwa, nthenga ndi zam'kati zikwiriridwe, koma kupha zogulitsa kukhale ndi chilolezo china.

Pa chiwerengero, maganizo anga ndi akuti 4 n'zochepa kwa banja la kuno. Pemphani 6 pa puloti yaing'ono ndi 12 pa yaikulu, ndipo fotokozani ndi masamu. Nkhuku yoikira imadya magalamu 110 mpaka 120 pa tsiku, choncho zisanu ndi imodzi zimatha thumba la makilogalamu 50 pa miyezi iwiri ndi masiku angapo. Ngati ndi za mtundu woikira kwambiri, zikafika pachimake zimapereka mazira 4 kapena 5 pa tsiku, thireyi ya mazira 30 pa sabata. Nkhuku zachikuda zimaikira ochepa kwambiri poyerekeza, ndipo za Mikolongwe zili pakatikati. Masamu amenewa amaonetsa khonsolo kuti mukukamba za ndiwo za pakhomo. Nenani momveka m'pempho lanu kuti woweta mabuloila mazanamazana kuseri kwa nyumba akuchita bizinesi, ndipo ameneyo lamulo lanu silikumukhudza. Mukasakaniza ziwirizi, otsutsa adzatenga chithunzi cha khola la nkhuku 500 n'kuchiika patebulo la komiti.

Musaiwale ndime ya chilango. Zimaoneka ngati mukudzitchera msampha, koma ndi imene imapangitsa aneba ndi azaumoyo kukukhulupirirani: chenjezo loyamba, masiku okonzera, chindapusa, kenako kulandidwa chiphaso. Ndalama ya chiphaso ikhale yochepa yoti mayi wogulitsa mandasi angathe, apo ayi anthu adzapitiriza kuweta mobisa ndipo palibe chimene chasintha.

Chachinayi, kokerani akatswiri kumbali yanu

Makhansala asanavote amafunsa maganizo a akuluakulu a nthambi za khonsolo, makamaka a zaumoyo ndi a mapulani. Ndi bwino anthu amenewa amve nkhaniyi kwa inu isanawapeze pa msonkhano. Azaumoyo a m'mizinda yathu sanaiwale mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 umene unapha anthu oposa 1,700. Nkhuku sizifalitsa kolera, koma chilichonse chowonjezera uve m'malo othithikana amachiyang'ana ndi diso lofiira, ndipo sakulakwa. Zitosi za nkhuku zimatha kukhala ndi tizilombo ta salmonella totsegula m'mimba, choncho mfundo yosamba m'manja ndi sopo ndi yoletsa ana aang'ono kusewera m'khola ikhalemo m'pempho lanu iwo asanaitchule.

Pitaninso kwa alangizi a ziweto a m'dera lanu. Iwo nkhawa yawo yaikulu ndi chitopa, matenda amene amatha kupsereza makola a mudzi wonse pa masiku ochepa. Katemera wa I-2, amene amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku miyezi inayi iliyonse. Ikani m'lamulo kuti woweta aliyense azikhala ndi khadi la katemera, ndiponso kuti nkhuku zikayamba kufa mosadziwika bwino azinena msanga. Mfundo yamphamvu imene mungauze alangiziwo ndi iyi: nkhuku m'tauni zilimo kale, zoletsedwa kapena ayi, ndipo munthu woweta mobisa nkhuku zake zikafa amangozitaya m'ngalande usiku osauza aliyense. Wolembetsa amadziwika, amafikirika ndi katemera.

Ngati pali wina m'dera kapena kunja pang'ono kwa mzinda amene ali ndi khola losamalika, konzani tsiku muwatengereko a zaumoyo, alangizi ndi khansala. Aime pafupi, anunkhize okha. Kalata yaifupi yochokera kwa mlangizi yovomereza mfundo zanu muiphatikize ku pempho.

Chachisanu, njira ya m'khonsolo

Tsopano pitani kwa khansala wa wadi yanu ndi zinthu zinayi: kope la lamulo limene lilipo, mfundo zanu zatsopano, masiginecha, ndi makalata a akatswiri. Mupite anthu atatu kapena anayi, pakati panu pakhale mayi, wachinyamata ndi mmodzi wosaweta. Mumupemphe chinthu chimodzi chodziwika, chakuti apititse nkhaniyi ku komiti yoona zaumoyo ndi chilengedwe kapena yoona mapulani a mzinda. Kope lina mukasiye ku ofesi ya mkulu wa khonsolo, lidindidwe. Phungu wa Nyumba ya Malamulo wa dera lanu amakhala nawonso m'khonsolo, ndiye musamusiye m'mbuyo, koma nkhaniyi musaiveke nsalu ya chipani chilichonse. Funani khansala wachiwiri wa wadi ina, makamaka wa chipani china, kuti aziyankhula awiri.

Komiti ikavomereza, nkhani imapita ku msonkhano wa khonsolo yonse. Khonsolo ikavomereza, lamulo silinayambe kugwira ntchito: liyenera kuvomerezedwa ndi nduna yoona za maboma aang'ono ndi kusindikizidwa mu Gazette, nyuzipepala ya boma yolengezeramo malamulo. Pa sitepe iliyonse pepala likhoza kuima miyezi, ndiye sankhani munthu mmodzi m'gulu mwanu amene ntchito yake ndi kufunsa mwaulemu kumapeto kwa mwezi uliwonse kuti lafika pati, n'kumalemba tsiku ndi yankho m'kope. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pewani kukankha nkhaniyi nthawi ya kampeni, pamene aliyense amalonjeza chilichonse, kapena masabata amene khonsolo yatanganidwa ndi bajeti.

Mukapatsidwa mpata woyankhula, musanyoze otsutsa. Yambani ndi madandaulo awo, muwatchule bwino kuposa mmene iwo akanawatchulira, kenako muonetse ndime imene ikuyankha lililonse. Mphindi zitatu zikwane. Oyankhula asabwereze mfundo imodzi: wina akambe za chakudya cha ana, wina za ukhondo, wina za chitopa.

Akakayika, pemphani kuyesa

Makhansala ena amaopa kusintha lamulo la mzinda wonse kamodzi. Muwapatse njira yapakati, yoyesera m'mawadi awiri kapena atatu kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, madandaulo onse akulembedwa, kenako aunike. Toronto ku Canada inachita zimenezi kuyambira 2018 m'madera ochepa a mzindawo, mathadzi 4 pakhomo. Koma nkhani yake sinathe bwino: mu 2023 khonsolo inaimitsa ndondomekoyo, potchula chimfine cha mbalame chimene chinkafalikira nthawi imeneyo ndi ndalama zoyendetsera ntchito yoyendera makola. Phunziro lake ndi lakuti mafunso awiriwa muwayankhe kuyambira pachiyambi. Lembani zimene oweta adzachite mliri ukagwa, monga kutsekera nkhuku m'khola lofolera kuti zisakumane ndi mbalame zakutchire ndi kuleka kuzisamutsa. Lembaninso kuti oweta a wadi iliyonse adzakhala ndi kakomiti kawo kolandira madandaulo a aneba ndi kuyendera makola, kuti khonsolo izingolowerera pamene zakanika.

Kakomiti kameneka musadikire Gazette kuti mukayambe. Kwathu tinayamba ndi gulu la WhatsApp la makomo ochepa ndi kope limodzi lolembamo amene akufuna kuweta, kukula kwa malo ake ndi dzina la neba amene wavomera. Amayi a tambala aja ndinawapitira poyamba, pepala lili m'manja, ndinawawerengera mfundo zonse m'Chichewa titakhala pakhonde pawo. Anandiimitsa pa ndime ya madzi otsukira khola, anati ndiwonjezere kuti asamathiridwe kumbali ya mpanda wa neba, chifukwa mpanda wawo ndi wa njerwa zosawotcha. Ndinalemba pomwepo ndi bolopeni m'mphepete mwa pepalalo, ndipo anasaina pamzere woyamba.